Rakuni wa Madala Armand

Lolemba

Rakuni ali m'galaja, m'thumba la mbatata. Wathunthu, wonenepa. Kanyama kake kangati fungwe, koma kumaso kali ndi mzere wakuda ngati mbala yodzipaka makala, ndipo mchira wake ndi wamizeremizere. Madala Armand andipatsa ndi manja awo.

Ndilembe bwino mmene zayambira. A Armand ndi madala aja ndinkawasamalira ku wodi ya amuna atathyoka mwendo. Anagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto kuno ku Oshawa mpaka kupuma, koma kwawo ndi kumpoto, kumene akuti ungayende tsiku lonse osaona utsi wa munthu. Ali ndi dera lawo lotcherako misampha kumeneko ndipo Disembala aliyense amapita. Chaka chino mwendo sukuwalola kusenza katundu. Akufuna wowathandiza. Tsiku lina ndikuwasintha nsalu ndinawauza kuti bambo anga anali mlenje ku Ntcheu, ndipo kani anasunga mawuwo.

Akuti: "Umusende ameneyu, ukonze chikopa, ubwere nacho Lamulungu ukatuluka m'tchalitchi. Chikakhala bwino tipitira limodzi."

Chibwerereni m'dziko lino sindinapondepo tchire. Zanga ndi chipinda chapansi, basi, wodi, basi, chipinda chapansi. Tchire ndikulifuna mpaka mtima kuwawa. Ndikufuna kumva fungo la moto wa nkhuni pa malaya anga, osati la mankhwala okolopera.

Madala atulutsa mpeni kuti andionetse kasendedwe kake. Ndakana mwaulemu. Munthu amene wathera moyo wake akumanga zitseko za galimoto aphunzitse mwana wa mlenje kusenda? Ayankhulabe zambiri, kaliwo ali kukamwa: za sokosi, za mafuta, za kutentha. Ine ndikungovomera ndi mutu, maganizo ali kale kumpoto.

Zofunika:
mpeni (ulipo, wa Nabanda wa kukhitchini)
zikhomo
ulusi, mwina
dzuwa

Nabanda, mayi a kunyumba, angofunsa funso limodzi: "Chikhala kuti chinthucho?" Ndawauza kuti asadandaule, pofika Lachinayi zonse zikhala zitatha.

Lachiwiri

M'mawa ndapempha tchuthi cha Disembala kwa a matroni. Andipatsa. Wodi yonse ikudziwa tsopano kuti ndikupita kukatchera misampha, ngakhale odwala amene sanafunse.

Masana, m'galaja. Mpeni wa Nabanda ndi wobuntha, ndanolera pa sitepe ya simenti. Ndamupachika rakuni miyendo m'mwamba, ndang'amba pamimba kuchokera kumusi mpaka kukhosi, monga timachitira ndi mbuzi ya pa Khirisimasi. Dzanja silinaiwale. Nditafika pachifuwa m'pamene za sokosi zija zandibwerera: madala amanena kuti chikopa chivulidwe chathunthu kuyambira ku miyendo yakumbuyo, pamimba osakhudzapo. Chabwino. Pamimba m'posoka. Kuchipatala ndimaona madokotala akusoka anthu tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amachira.

Mchira wavuta. Fupa lake liyenera kusololedwa m'kati. Ndakoka, osatheka. Ndatsamiritsa phazi kukhoma n'kukokanso ndi mphamvu zonse. Mchira watsala m'manja mwanga, ine ndili chagada pa matayala akale. Uwunso ngosoka.

Mabowo alipo angapo. Aang'ono sindikuwawerengera. Limodzi ndi loti chala chachikulu n'kulowa.

Koma mafuta ake! Sindinaonepo nyama ya m'tchire yonona chonchi. Nyama zakwathu zimakhetsa thukuta kuti zidye, izi zimangotsegula mabini a azungu. Pachikopa pakangamira mafuta ochindikala ngati chikhatho. Ndapala pang'ono ndi supuni, zala zachita dzanzi ndi kuzizira, ndasiya. Otsalawo dzuwa lidzathana nawo.

Nyamayo madala akuti amapatsa agalu. Agalu, nyama yonona chonchi? Ndaitengera m'nyumba m'beseni. Nabanda anali akusita yunifolomu yawo ya kunyumba ya okalamba. Asuzumira m'besenimo.

"Mphika wanga ayi, bambo. Chinthu chili ndi manja ngati a mwana wakhanda."

Ndayang'ana manjawo. N'zoona. Njala yathera pomwepo. Ndakaitaya m'bini ndikuyang'ana uku ndi uku, ngati kuti wina wa kwathu angandione ndikutaya ndiwo.

Lachitatu

Tsiku loyanika. Kunja kwayera bwino, kulibe mtambo.

Zikhomo ndasema kuchokera ku timitengo timene mayi Halina amamangirira tomato wawo. Mayi Halina ndi eni nyumba, amasiye, amakhala pamwamba pathu. Tomato anatha kale, sazindikira. Ndatambasula chikopa pa kapinga kuseri kwa nyumba kuti ndichikhomerere pansi monga timachitira kwathu. Chikhomo choyamba chathyoka. Chachiwiri chathyoka. Dothi lalimba usiku ngati msewu wa tara. Pofika chomaliza, mayi Halina alibenso timitengo ta tomato.

Sindikubwerera m'mbuyo. M'galaja muli chitseko chakale. Ndakhomerapo chikopa ndi misomali, ubweya m'kati, ndachitsamiritsa kumpanda choyang'ana kudzuwa. Dzuwa lake n'lowala ndithu, kungoti ukaliyatsira dzanja silikuyankha.

Kuntchito bambo wina wa pa bedi la pazenera akundiitana kuti "mlenje". Sindikukana.

Madzulo. Chauma! Gwaa! Ndagogoda ndi chala, chikulira ngati thabwa. Kwathu chikopa cha mbuzi chimatha masiku chili padzuwa, uku ukuthamangitsa agalu ndi ntchentche. Kuno tsiku limodzi basi, popanda ntchentche ndi imodzi yomwe. Dziko lotukuka n'lotukuka ndithu. Ndazula misomali, ndalowa nacho m'nyumba chili chiimire chokha, ndachiimika pampando kuti Nabanda aone mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye.

Tadya. Takhala tikuonera azungu akuthamangitsana ndi ndodo pa ayezi mu wailesi yakanema. Kenako ndikumva tho, tho, tho. Ndimayesa mpopi wa kubafa.

Chikopa chawerama pampando ngati munthu woledzera. Chofewa, chonyowa, chikudontheza madzi ofiirira pa kapeti wa mayi Halina.

Nabanda sanatembenuke n'komwe. "Chinangogwira ayezi chimenecho. Ngati nsomba ya m'filiji."

Ndimadziwa. Ndimangofuna kuona ngati iwo azindikire.

Lachinayi

Kulibe dzuwa. Kumwamba kwachita ngati bulangete lakuda la m'chipatala, ndipo sinowo wayamba kuwaza pang'onopang'ono.

Tiyeni tiganize ngati anthu ophunzira. Chikopa chikufuna chiyani? Kutentha. Kutentha kuli kuti? Pa fanesi, chimbaula chachikulu chija chili kuseri kwa chipinda chathu, chimene chimatumiza mpweya wotentha m'mapaipi kupita m'zipinda zonse za nyumba ino. Madala ananenapo zina za kutentha, ndikukumbuka, koma ndikukhulupirira kuti amanena moto wa malawi. Fanesi alibe malawi ooneka.

Ndachipachika pamwamba pake penipeni ndi mawaya opachikira malaya. Yunifolomu ya Nabanda ya mawa ili pachingwe chapafupi, ndaisunthako pang'ono. Ndapita kuntchito ndikuimba mluzu.

Pobwera ndaona ndili patali kuti mazenera onse a nyumba ali pululu, sinowo akulowa. Mayi Halina ali pakhonde atavala chikhoti, kampango kali pamphuno.

"Muli khoswe wakufa m'khoma," akutero. "Ndaitana munthu."

Munthuyo ali kale m'kati, akugogoda makoma ndi kumvetsera. Apa m'pamene ndikanayankhula. M'malo mwake ndavula chipewa, ndayamba kugogoda nawo. Tagogoda chipinda chochezera, tagogoda khitchini. Ndafika mpaka ponena kuti ndikuganiza kuti fungo likuchokera kudenga. Bamboyo wagwada, wanunkhiza pa kabowo kotulukira mpweya wotentha, wadzuka, walunjika masitepe opita kwathu. Ife pambuyo pake.

Mafuta asungunuka tsiku lonse n'kumadonthera pa chitsulo chotentha, fanesi n'kumagawira fungo nyumba yonse mwachilungamo, chipinda chilichonse gawo lake. Chikopa chasanduka chachikasu, chonata, m'mphepete mwauma ngati chiwamba.

Bamboyo wachiyang'ana, wandiyang'ana. "Ndi wamkulu ndithu khoswe wanuyu."

Mayi Halina sanakalipe. Angonena kuti mwamuna wawo anali chidakwa koma sanawachitirepo zotere, ndipo kuti chinthucho asachionenso m'nyumba mwawo.

Manyazi andigwira, osanama. Koma chikopa chikadalipo, ubweya uli wonse, ndipo Lamulungu likadali kutali. Chagona m'galaja.

Lachisanu

Nabanda abwera kuchokera kuntchito nkhope itagwa. Akuti gogo wina amene samayankhula ndi munthu chilowereni m'nyumba ya okalamba ija lero watsegula pakamwa, kufunsa kuti ndani wafa. Anesi anzawo anatsegula mazenera.

Akhala pabedi, avula nsapato. "Abambo, ine sindikufuna kukangana. Kwa madala ajatu n'kongokwera basi imodzi. Pitani mukawafunse, basi. Kufunsa si kufeila."

Ndikawafunse kuti chiyani? Lolemba ndinakana mpeni wawo pamaso pawo, lero ndikagogode ndi chikopa chonunkha m'manja? Ndiye kuti ulendo wa kumpoto ndaupha ndekha. Ayi. Ndawauza Nabanda kuti iyi ndi nkhani ya amuna. Akuti fungo lokha ndiye likumafika ndi kwa akazi.

Zimene zachitika lero:
pamimba ndasoka, ndi ulusi wakuda wa Nabanda
mchira ndabwezeretsa, wapendekera kumanzere koma ulipo
bowo lalikulu lija ndalikoka pakamwa ngati thumba la ufa

Chatsala ndi mafuta ndi fungo. Ndaimbira foni achimwene Mbewe ku Hamilton. Amagwira ntchito m'labotale ya chipatala, munthu wa sayansi, komanso anakulira kwa amalume awo ku Mchinji amene ntchito yawo inali ya zikopa. Ndawafotokozera mwachidule kuti ndili ndi chikopa, chachita mafuta, chikununkha.

"Aa, imeneyo si purobulemu, achimwene. Phulusa. Mulimikise ndi madzi ofunda likhale ngati phala, mupake mbali zonse ziwiri, mupinde, muike m'ndowa mpaka mawa. Amalume sanafeilepo ndi njira imeneyi."

Nzeru za kwathu! Ndimadziwa kuti yankho lili kwathu komweko, osati m'makaliwo a azungu.

Phulusa ndalipeza mwaulemu. Ndakwera kwa mayi Halina kukapepesa, ndadzipereka kuwayeretsera pamoto pawo pa m'chipinda chochezera. Akhudzidwa kwambiri, mpaka andipatsa keke. Ndatsika ndi keke dzanja ili, ndowa ya phulusa dzanja linali.

M'galaja phalalo lingagwire ayezi, phunziro limenelo ndinalitenga. Choncho ndowa ili pansi pa masitepe athu, yovundikira bwino. Mayi Halina anati asachionenso. Sakuchiona.

Loweruka

Ndadzuka Nabanda akadali mtulo. Ndakhuthulira chikopa m'sinki yochapira zovala, ndatsegula madzi.

Mafuta achoka. Fungo lachepa kwambiri. Mkati mwa chikopa mwayera ngati nsalu. Ndaima pamenepo ndikudziona ndili pagalimoto ya madala, misewu ikuchepa, mitengo ikuchuluka.

Ndachitembenuza kuti nditsuke ku ubweya. Ndasisita kamodzi ndi dzanja. Dzanja labwera ndi ubweya.

Mwina ndi wakufa kale, nyama zimayoyola. Ndasisita pena. Wabweranso, wambiri. Ndati mwina phulusa likadalimo, nditsukuluze msanga. Madzi atenga msana wonse. Ndikamagwira pofuna kupulumutsa, pomwepo m'pamene pakusalala. Sinki yatsekeka, ubweya ukuyandama, ine ndagwira chinthu choyera, choterera, chokhala ndi ulusi wakuda pamimba. Kwatsala ubweya kunsonga ya mchira ndi kuseri kwa khutu limodzi.

Foni ku Hamilton. Ndawauza achimwene Mbewe kuti ubweya wonse wachoka.

"Wonse? Usiku umodzi? Ndiye mwachita mwayi, amalume ankadikira masiku. Nanga mtengo wake mwaupeza kale?"

Ndafunsa kuti mtengo wanji.

"Wa ng'omayo."

Kenako ndawauza kuti kuno chimene amafuna pachikopa ndi ubweyawo.

"Ubweya? Achita nawo chiyani? Inutu munangoti chikopa, achimwene. Simunandiuze kuti ndi za fashoni."

Choipa n'chakuti ndimadziwa. Ndili mwana ndinkaona anthu akukonza chikopa cha ng'oma, ndimadziwa bwino chimene phulusa limachita. Kungoti Lachisanu mutu wanga unadzaza ndi fungo.

Sindinagonje. Ubweya ulipo, chikopa chilipo, changosiyana ndi malo okhala. Ndauwola wonse m'sinki ndi sefa ya tiyi, ndauyanika pa nyuzi mu uvuni wofunda pang'ono. Ndathamangira kusitolo kukagula guluu. Chikopa ndachipukuta ndi thawulo langa.

Vuto ndi lakuti ubweya wasakanikirana. Wakuda unali pati? Wotuwa unali pati? Unkaloza kumutu kapena kumchira? Ndapaka guluu, ndawaza, ndapsinja ndi buku la nyimbo. Zotsatira zake zikufanana ndi galu wa nkhanambo. Ubweya wambiri wamatirira ku zala zanga.

Nabanda andipeza pathebulo madzulo. Aseka mpaka kugwira khoma, misozi kutuluka. Ine osaseka, ndikumatabe. Atatha apukuta m'maso, ayima kumbuyo kwanga kwa kanthawi.

"Koma tchirelo mukulifunadi, eti?"

Ndavomera ndi mutu.

Akoka mpando, atenga kopanira kawo kozulira nsidze, ayamba kusankha ubweya wakuda paokha, wotuwa paokha. Sananenenso kanthu za basi imodzi ija. Mzere wa kumaso aupanga iwo, ndipo ndi malo okhawo amene akufanana ndi rakuni.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapereka moni ndi dzanja lamanzere. Lamanja likadali ndi ubweya mpaka m'zikhadabo. Abusa ayang'ana koma ndi munthu wa Mulungu, sanafunse.

Basi imodzidi. Ulendo wake ndi waufupi moti sindinathe n'komwe kukonza mawu oyambira.

Madala ndawapeza m'kanyumba kawo ka kuseri. Muli kozizira bwino, kopanda moto, kopanda dzuwa, mphepo ikungodutsa pang'ono. Zikopa zapachikidwa m'mizere, chilichonse chovekedwa pa thabwa lake ngati sokosi, chopalidwa mbee. Ndikanangolowa muno Lolemba n'kuyang'ana, osafunsa n'komwe, ndikanadziwa theka la ntchito.

Ndatulutsa changa m'thumba. Achilandira ndi manja awiri, achitembenuza. Ubweya wagwera pa nsapato zawo. Apeza ulusi, autsata ndi chala mpaka kumchira. Ndimayembekeza kuti aseka, ndinali nditakonzeka kuseka nawo. Sanaseke. Andiuza kuti ndifotokoze kuyambira pachiyambi.

Ndafotokoza zonse. Pa nkhani ya khoswe wa m'khoma kaliwo wagwedezeka pang'ono. Nditamaliza akhala pa bokosi, awongola mwendo wawo uja ndi manja.

"Chikopa si kanthu. Ine ndinawononga zambiri ndisanaphunzire. Koma sabata yonse ndinali pano, sunabwere." Ayang'ana panja. "Kumpoto kuja masokosi akakunyowera, iwe n'kukhala chete chifukwa cha manyazi, pofika madzulo sungayende. Wokunyamula ndi ine. Ndi mwendo uwu sindingathe."

Akunena zoona, ndikudziwa kuti ndikanakhaladi chete.

Kumpoto adzapita ndi mwana wa mlongo wawo. Akuti ndi waulesi ndipo amafunsa mafunso opusa kuyambira m'mawa mpaka kugona.

Andiitanira m'khitchini kuti timwe khofi. Pathebulo panali katundu wa ulendo ataunjikidwa pawiri: makapu awiri a chitsulo, mipeni iwiri, magolovesi aakulu a chikopa mapeya awiri. Ena akale, akuda ndi ntchito. Ena atsopano, osokedwa pamanja, ulusi ukadali woyera. Pamene amathira khofi atenga atsopanowo n'kuwaika m'dirowa mwakachetechete, poganiza kuti sindikuona. Anali a msinkhu wa manja anga.

"Chaka chamawa tiona," atero pondiperekeza. Amayang'ana mwendo wawo ponena zimenezi, osati ine.

Zandiwawa kwambiri. Pa basi ndakhala kumbuyo kwenikweni, nkhope ili kuzenera.

Chikopa chatsala komweko. Akuti akachiviika, guluu achoka, ndipo chikopa chopanda ubweya amadulamo tizingwe tomangira katundu pa ulendo. Ndiye kuti rakuni apita kumpoto.

Ine mawa ndili ndi shifiti ya m'mawa. Ndikapemphe a matroni andibwezere ntchito ya Disembala, bambo wa pazenera uja asanadzuke.